Sydney Opera House: nyumba yomwe woijambula wake sanaione itatha

Chithunzi chake mwachionapo ndithu, kaya pa TV usiku wolowa chaka chatsopano makombola akuphulika mlengalenga, kaya pa kalendala, kaya pa foni basi. Nyumba yoyera mbee ili m'mphepete mwa madzi, denga lake ngati matanga a ngalawa atakhuta mphepo, chapafupi pali mlatho waukulu wachitsulo. Ena mpaka amayesa kuti Sydney ndi likulu la Australia chifukwa cha nyumba imeneyi, pomwe likulu ndi Canberra. Koma mukafunsa kuti mkatimo mumachitika chani, anaimanga ndani, nanga bwanji ikangotchulidwa pamabwera nkhani ya ndalama ndi mikangano, ambiri amangokanda mutu. Mu 2023 itakwanitsa zaka 50 nkhani zake zinadzukanso, ena akuti ndi nyumba yokongola kuposa zonse zomwe zinamangidwa m'zaka za m'ma 1900, ena akuti ndi chitsanzo cha polojekiti yoyendetsedwa mwachisawawa, ndipo chovuta n'choti onsewa ali ndi mfundo zogwirika. Nde tiyeni tiimasule pang'onopang'ono.

Dzina lenilenilo ndi lomwe limayamba kusocheretsa

Opera ndi sewero lomwe azisudzo m'malo molankhula amaimba, oimba zida ali m'dzenje kutsogolo kwa siteji kumawaperekeza. Inayambira ku Italy cha m'ma 1600. Nde munthu akamva kuti Opera House amaganiza kuti ndi holo imodzi yaikulu yochitiramo zimenezi, koma ayi. Ganizirani mpanda umodzi wokhala ndi nyumba zingapo mkati, iliyonse ndi ntchito yake. Holo yaikulu kwambiri ndi Concert Hall, mipando yoposa 2,600, ndipo m'menemo si mwa opera, ndi mwa magulu aakulu oimba ndi zida monga Sydney Symphony Orchestra komanso oimba ena otchuka. Opera ndi gule wa ballet zimachitikira mu holo yachiwiri, yocheperapo, ya mipando pafupifupi 1,500, yomwe kuyambira 2012 imatchedwa Joan Sutherland Theatre polemekeza mayi wobadwira ku Sydney komweko yemwe anagwedeza dziko lonse ndi mawu ake. Kunsi kuli timaholo tina ta masewero, Drama Theatre, Playhouse ndi Studio, ndipo tidenga ting'onoting'ono tili pambali tija mkati mwake ndi lesitilanti. Panja pali masitepe ndi bwalo pomwe pamachitikiranso makonsati. Zoti zinatheka bwanji kuti opera ikankhidwire ku holo yaing'ono m'nyumba yotchedwa Opera House, tifikako, pagona nkhani ndi pomwepo.

Ganizo lomanga linachokera kwa Eugene Goossens, Mngelezi yemwe anafika mu 1947 kudzatsogolera Sydney Symphony Orchestra n'kupeza kuti gululi limangoimbira mu Sydney Town Hall chifukwa mzindawo unalibe malo oyenera. Anavutitsa andale mpaka mu 1954 Joseph Cahill, nduna yaikulu ya boma la chigawo cha New South Wales, anavomera. Apa muzindikire kuti zigawo za ku Australia zili ndi maboma awoawo, nde iyi inali polojekiti ya chigawo osati ya ku Canberra. Cahill mwiniwake anali wa chipani cha Labor, munthu yemwe anayamba ntchito ali mnyamata ku njanji, koma anaigwira nkhaniyi ngati yake.

Malo omwe anasankha ndi Bennelong Point, kamtunda kolowa m'nyanja, madzi mbali zitatu. Nthawi imeneyo panali depoti ya matiramu, tisitima toyenda m'misewu ya m'tauni. Azungu asanafike malowa anali a anthu a mtundu wa Gadigal, iwo amawatcha Tubowgule, ndipo Bennelong ndi dzina la mwamuna wa Chiaborijini, eni nthaka a ku Australia, yemwe anagwidwa mu 1789 molamulidwa ndi bwanamkubwa Arthur Phillip, kenako n'kumumangira kanyumba ka njerwa pamalopo.

Mpikisano wa mapulani

Boma likafuna nyumba yapadera nthawi zina silimangopatsa munthu ntchito, limalengeza mpikisano, akatswiri ojambula mapulani amatumiza maganizo awo mayina atabisidwa, oweruza n'kusankha. Wa ku Sydney unalengezedwa mu 1955, panabwera mapulani oposa 200 ochokera m'mayiko pafupifupi 30, ndipo pa 29 January 1957 zinamveka kuti wapambana ndi Jørn Utzon wa ku Denmark, zaka 38, wosadziwika kwenikweni kunja kwa kwawo. Mphoto inali mapaundi 5,000. Ku Sydney anali asanapondeko, malowo anawaphunzira pa zithunzi ndi mapu a oyendetsa zombo, pajatu bambo ake anali katswiri wopanga zombo ku Aalborg nde za madzi ndi matanga anakula nazo. Pali nthano yomwe imakambidwa mpaka lero yoti woweruza mmodzi, Eero Saarinen, anafika mochedwa n'kukatola pulani ya Utzon pamulu wa zokanidwa kale, ena amati nthanoyi inathiridwa mchere.

Chofunika kumvetsa apa ndi kusiyana kwa chithunzi cha ganizo ndi pulani yomangira. Mukapita kwa telala ndi chithunzi cha diresi chokongola, chimenecho si patani, telala akuyenerabe kupeza miyeso, adule pati, asoke bwanji kuti nsaluyo igwe mmene ikuonekera pachithunzipo. Zomwe Utzon anatumiza zinali za mtundu woyambawo, zojambula zochepa zoonetsa ganizo, zopanda masamu osonyeza kuti dengalo lingaime.

Ganizo lake linali ndi mbali ziwiri. Pansi nsanja yaikulu yolemera ya masitepe otambalala, yomwe anaitengera ku akachisi a anthu a mtundu wa Maya omwe anakawaona ku Mexico mu 1949, komwe munthu umakwera masitepe mpaka kutulukira pamwamba pa nkhalango. Pamwamba pa nsanjayo madenga opepuka ooneka ngati akuyandama. Iye amati nyumba yoti anthu aziiona kuchokera pa mlatho, m'zombo ndi m'nyumba zosanja za m'tauni ilibe kumbuyo, denga nalonso ndi nkhope. Komanso maholo awiri aakuluwo anawaika moyandikana, zomwe zinapangitsa nyumbayo kukhala bwino pa kamtunda kopapatizako, koma zinadya malo a m'mbali mwa siteji momwe nyumba za opera zimasungira zokongoletsera sewero. Kavuto kameneka kasungeni m'mutu.

Denga lija

Apa nde pomwe panathera zaka. M'ma 1950 mainjiniya anali atakonda kwambiri denga la konkire lopyapyala lopindika ngati chigoba cha dzira. Dzira ndi lopyapyala koma kulifinya m'manja kuchokera kunsonga zake silisweka msanga, mphamvu yake ili m'kupindikako. Utzon amaganiza kuti madenga ake adzakhala otero. Kampani ya mainjiniya ya Ove Arup ya ku London itatenga zojambulazo inapeza kuti mizere ija inangojambulidwa ndi dzanja, siikutsata masamu aliwonse odziwika, ndipo zigoba zazitali zosongoka chonchija zimakankhidwa ndi mphepo komanso kulemera kwake m'njira yoti konkire yopyapyala singapirire. Kuyambira 1957 mpaka 1961 anayesa maonekedwe osiyanasiyana oposa khumi, kuyeza timamodelo, kuwerengetsera pa makompyuta a nthawi imeneyo, ndipo iyi ndi imodzi mwa nyumba zoyambirira padziko pomwe kompyuta inagwira ntchito yotere.

Vuto lina linali la mtengo. Konkire imafuna chikombole. Ngati chidutswa chilichonse cha denga chili ndi kupindika kwakekwake ndekuti chilichonse chikufuna chikombole chakechake, zili ngati kuumba njerwa zikwizikwi iliyonse ndi chikombole chake, ungathe chaka usanamange khoma limodzi.

Yankho linapezeka mu 1961. Tengani lalanje, dulani khungu lake tizidutswa ta makona atatu, tina tatikulu tina tating'ono. Ngakhale tisiyane kukula, tonse tapindika mofanana chifukwa tachokera pa mpira umodzi. Nde madenga onse a Opera House, aakulu ndi aang'ono omwe, ndi zidutswa za mpira umodzi wongoganizira womwe kuchokera pakati pake kufika pakhungu ndi mamita pafupifupi 75. Zitatero zikombole zochepa zinakwanira kuumba denga lonse. Utzon amati ganizoli linali lake, ena omwe anagwira ntchito kwa Arup amati linatuluka m'zokambirana za onse, ndipo olemba mbiri amakokanabe pamenepa. Chomwe chinasinthanso ndi maonekedwe, mukaona zojambula za 1957 madenga ake ndi ogona, otambalala, pomwe omwe anamangidwa ndi oimirira, osongoka.

Nde kunena zoona zomwe timazitcha zigobazi si zigoba, ndi nthiti. Denga lililonse ndi nthiti za konkire zoyalana, zoyambira malo amodzi pansi n'kumatambasuka pokwera ngati zala za dzanja. Kontirakitala wa gawoli, Hornibrook, anaumba zidutswa 2,194 pamalo omwewo, zina zolemera mpaka matani 15, kuzikweza ndi makireni, kuzimata ndi guluu wamphamvu kenako kulowetsa zingwe zachitsulo mkati mwake n'kuzikoka zolimba. Zili ngati mikanda pa ulusi, ulusi ukakhala wolobodoka mikanda imangolendewera koma mukaukoka kwambiri imagwirana n'kuuma ngati ndodo. Zingwe zimenezi mutazilumikiza zingatalike makilomita pafupifupi 350. Nsonga yaitali kwambiri ili mamita 67 pamwamba pa madzi.

Tsono mvetserani apa. Ntchito yomanga inayamba pa 2 March 1959, zaka ziwiri yankho la denga lisanapezeke. Cahill amaopa kuti akachedwa chisankho chisintha zinthu kapena anthu atembenuka mtima, nde analamula kuti ayambe kukumba basi, ndipo iye anamwalira mu October chaka chomwecho atangoona maziko. Zotsatira zake, zipilala zomwe zinamangidwa koyamba zinapezeka kuti sizinganyamule denga lenilenilo, zina anachita kuziphwanya n'kumanganso.

Za matailosi. Patali nyumbayi imaoneka yoyera koma mukafika pafupi n'kuika dzanja mupeza kuti ndi mitundu iwiri, ena oyera onyezimira ena otuwirako ngati mkaka osanyezimira, oyalidwa mokhala ngati mamba a nsomba. Akanakhala oyera onse bwenzi dzuwa la ku Sydney likuthobwa anthu m'maso. Alipo 1,056,006, opangidwa ndi kampani ya Höganäs ku Sweden, ndipo zinatenga zaka zitatu kuyesa dothi mpaka Utzon atakhutira. Sanawamate limodzilimodzi munthu ali pamwamba ayi, amawayala pansi m'zikombole chadodolido, kuthira konkire kumbuyo, n'kukweza chigawo chathunthu. Nchifukwa chake mizere yake ili yowongoka chonchija. Mbali yaikulu amatsukidwa ndi mvula.

Ndalama

Chiwerengero chomwe chimatchulidwa paliponse ndi ichi, amati idzadya madola 7 miliyoni a ku Australia n'kutha mu January 1963, koma inadya 102 miliyoni n'kutha mu 1973. Kuchulukitsa koposa ka 14, kuchedwa zaka khumi. Mukaona mabuku ena akunena mapaundi 3.5 miliyoni musasokonezeke, ndi ndalama yomweyo, Australia inasiya mapaundi n'kuyamba madola mu February 1966, paundi imodzi madola awiri.

Kupyola bajeti kumatanthauza kusiyana kwa zomwe munalonjeza ndi zomwe mwalipira, nde kumadalira zinthu ziwiri, mmene mwawonongera komanso mmene lonjezo loyambalo linalili loona. Munthu atakufunsani mtengo wa nyumba mutangomuonetsa chithunzi chojambula papepala la m'thumba, nambala yomwe munganene ndi yongoponya. 7 miliyoni ija inali ya mtundu umenewo, inawerengedwa pa zojambula za mpikisano, ndipo ena amati andale anaikonda dala ili yotsika kuti ivomerezeke. Onjezani kukwera mitengo kwa zinthu pa zaka 14, kugumula zomangidwa kale, kusintha pulani pakatikati. Komanso ndalama zoposa theka zinapita pa gawo lomaliza, la mkati, Utzon atachoka kale, zomwe okonda Utzon amazitchula msanga, pomwe enawo amayankha kuti gawolo linakwera mtengo chifukwa cha mavuto omwe iye anasiya.

Zambiri sizinachokere ku misonkho, boma linakhazikitsa lotale yapadera, anthu kumagula matikiti poyembekeza kuwina, phindu kumapita ku zomangazo. Ena amadandaula kuti nyumba ya anthu opeza bwino ikumangidwa ndi ndalama za juga za anthu wamba, ena amati bola palibe yemwe anakakamizidwa.

Utzon ndi nduna

Mu 1965 chisankho chinasintha boma la New South Wales, Robert Askin analowa ngati nduna yaikulu, ndipo nduna ya zomangamanga inakhala Davis Hughes yemwe pa kampeni mbali yake inalonjeza kuti ithana ndi kuwononga ndalama ku Bennelong Point. Apa denga linali likukwera, chotsala chinali mkati. Utzon amafuna kupanga siling'i ya maholo ndi mapulayiwudi aakulu opindika, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito kanali koti apange kaye chitsanzo chachikulu ndi kampani imodzi yomwe amaikhulupirira, ya Ralph Symonds, ayese, akonze, kenako ajambule pulani yomaliza. Hughes amati ayi, ndalama za boma zimafuna kuti makampani apikisane poyera pofuna ntchitoyo, bweretsani mapulani omalizidwa ndi masiku ake kaye. Onse awiri mukawamvetsera paokha zikumveka. Hughes anayamba kugwira malipiro, pofika February 1966 Utzon amadandaula kuti boma lili naye ngongole yoposa madola 100,000 ndipo sangathe kulipira antchito ake, nde pa 28 February analemba kalata yosiya ntchito. Ambiri amakhulupirira kuti amayembekeza kuti amunyengerera. Hughes anangoilandira.

Anthu pafupifupi 1,000 anayenda m'misewu kufuna kuti abwerere, pakati pawo panali Harry Seidler, katswiri wina wa mapulani, ndi mlembi Patrick White. Boma linamuuza kuti atha kubwerera koma pansi pa komiti, iye anakana, ndipo kumapeto kwa April 1966 anakwera ndege ndi banja lake. Sanapondenso ku Australia mpaka imfa yake.

Ntchito inapatsidwa kwa gulu la akatswiri a komweko, wojambula wamkulu anali Peter Hall, zaka za m'ma 30 chabe. Iye amayesa kuti akungokamalizitsa, koma anapeza kuti mapulani omangira mkati kulibe okwanira, komanso bungwe loulutsa mawu la ABC, lomwe nthawi imeneyo limayendetsa Sydney Symphony Orchestra, limafuna mipando pafupifupi 2,800 ndi mamvekedwe a holo ya nyimbo zokhazokha, zomwe sizimakwana mu pulani ya Utzon yoti holo yaikuluyo izigwira ntchito ziwiri, opera ndi makonsati. Mu 1967 boma linagamula kuti holo yaikulu ikhale ya makonsati basi. Makina a siteji odula omwe anali atagulidwa kale ku Austria anazulidwa, ambiri n'kutayidwa, opera n'kusamutsidwira ku holo yachiwiri yomwe poyamba inakonzedwera masewero ndi ma opera ang'onoang'ono. Yankho la funso lija loti opera inapezeka bwanji ku holo yaing'ono ndi limeneli. Makoma aakulu agalasi otseka kukamwa kwa madenga aja nawonso anamalizidwa ndi gulu la Hall. Nde munthu ukaima panja ukuona Utzon, ukalowa mu holo ukuona Hall. Anzake ambiri a ntchito anamusala Hall ngati wolanda malo a mnzake, ndipo anamwalira mu 1995 zinthu zisakumuyendera, ndi zaka zaposachedwapa pomwe ntchito yake yayamba kulemekezedwa.

Mfumukazi Elizabeth II inatsegulira nyumbayi pa 20 October 1973. Utzon panalibe, ndipo pamwambowo dzina lake silinatchulidwe. Kuyanjana kunabwera mochedwa, mu 1999 bungwe loyang'anira nyumbayi linamupempha kuti alembe mfundo zotsogolera aliyense wodzaikonza mtsogolo, iye anavomera akugwira ntchito ali kutali kudzera mwa mwana wake Jan. Mu 2004 anatsegula Utzon Room, chipinda chokhacho chamkati chomwe chinamalizidwa monga mwa pulani yake. Mu 2003 analandira Pritzker, mphoto yaikulu kwambiri pa ntchito yojambula nyumba, ndipo anamwalira pa 29 November 2008 ali ndi zaka 90.

Mamvekedwe a mawu

Lowani m'chipinda chopanda katundu muombe m'manja, phokoso limatsalira kanthawi likuzungulira. Ikani makatani, mipando ndi kapeti, limazimiririka pompo. Kutsalira kumeneku ndi komwe akatswiri amayeza pomanga holo. Gulu lalikulu la zida limafuna mawu atsalire pafupifupi masekondi awiri kuti nyimbo imveke yodzaza, koma sewero kapena opera imafuna kufupikirapo, apo ayi mawu amapondana osamva zomwe munthu akunena. Nchifukwa chake holo imodzi yochita zonse ziwiri ndi yovuta, ndipo nkhawa ya ABC ija sinali yopanda pake.

Chonsecho Concert Hall itatha oimba anadandaulabe kwa zaka zambiri. Siling'i ili patali kwambiri pamwamba pa siteji, mawu amakwera osabwerera msanga nde woimba zeze wa mbali iyi samamumva bwino mnzake wa mbali inayo. Anapachika zinthu zapulasitiki zozungulira ngati madonasi kuti zizibweza mawu koma sizinathandize mokwanira. Holoyi inatsekedwa mu February 2020 n'kutsegulidwanso mu July 2022, madonasi aja atachotsedwa, m'malo mwake mutapachikidwa zobwezera mawu 18 zooneka ngati masamba a duwa zofiirira ngati mipando yake, siteji itatsitsidwa pang'ono, makoma ataikidwa matabwa okhala ndi mabampu omwaza mawu, komanso ataika chikepe kuti oyenda pa njinga za olumala azifika malo omwe kale kunali masitepe okhaokha. Oimba ambiri anati kusintha kwake n'kwakukulu. Kumbuyo kwa siteji kuli limba lalikulu la mapaipi oposa 10,000 lomwe Ronald Sharp anamaliza mu 1979.

Ku holo ya opera vuto ndi malo. Dzenje la oimba zida ndi lopanikiza, mbali ina linalowa kunsi kwa siteji moti phokoso limawavuta m'makutu oimbawo, ndipo kavuto kaja ka m'mbali mwa siteji nde kameneka, zokongoletsera sewero zimachita kukwezedwa ndi chikepe kuchokera pansi. Mu 2017 holoyi inatsekedwa miyezi 7 kusintha makina, koma makoma sungawakankhe, denga ndi lomwe lija.

Chizindikiro cha dziko

Pa 28 June 2007 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika nyumbayi pa mndandanda wa malo omwe ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Izi sizitanthauza kuti UNESCO yaitenga kapena iziilipirira, mwini wake ndi boma la New South Wales lomwe lija, koma Australia inalonjeza kuisamala ndi kuteteza maonekedwe a malo ozungulira. Zili ngati nyumba ya makolo yomwe ili m'dzina la munthu mmodzi koma abale onse ali ndi pakamwa akafuna kugwetsa khoma. Utzon anali mmodzi mwa anthu ochepa kwambiri omwe ntchito yawo inalowa pa mndandandawu ali moyo.

Kwa anthu a ku Australia nkhani ndi yoposa konkire. M'ma 1950 dzikolo limadziwika ndi nkhosa, migodi ndi masewera, aluso ake ambiri amathawira ku London poganiza kuti zabwino zonse zili kunja, nde nyumbayi inakhala ngati yankho. Omanga ake pafupifupi 10,000 ambiri anali obwera kuchokera m'mayiko ena nkhondo yachiwiri itatha, ndipo munthu woyamba kuimba pamalopo anali Paul Robeson wa ku America, mu 1960, ataima pakati pa zitsulo ndi simenti kuimbira antchitowo. Mu October 1990 Nelson Mandela, miyezi yochepa atatuluka m'ndende, analankhula kwa chikhamu cha anthu ali pa masitepe aja. Ngakhale mpikisano wa odzitukumula minofu wa Mr. Olympia wa 1980, womwe anawina Arnold Schwarzenegger, unachitikira momwemo, nde si nyumba ya anthu a mataye okhaokha.

Koma chinthu chikakhala chizindikiro aliyense amafuna kulembapo zake. Mu March 2003 amuna awiri anakwera pansonga n'kulemba ndi penti yofiira mawu okana nkhondo ya ku Iraq, anamangidwa n'kulipitsidwa zotsukira. Masiku ano salemba ndi penti, amawalitsa zithunzi ndi magetsi, monga pa chikondwerero cha Vivid Sydney, komanso kuyambira 2017 pali Badu Gili, kutanthauza kuwala kwa pamadzi m'chilankhulo cha a Gadigal, pomwe madzulo amaonetsa zojambula za eni nthaka. Mu October 2018 panabuka mkangano waukulu, okonza mpikisano wa mahatchi wa The Everest amafuna kuwalitsa zotsatsa zawo padengapo, mkulu wa Opera House Louise Herron anakana mbali ina ya zomwe amafunazo, nduna yaikulu Gladys Berejiklian inalamula kuti ziwalitsidwe, anthu mazana a zikwi anasaina kukana ndipo usiku wake ena anabwera ndi matochi kudzasokoneza zithunzizo. Ovomereza amati mpikisanowo umabweretsa alendo ndi ndalama, ndipo nyumbayo inamangidwa ndi ndalama za lotale nde juga si yachilendo pamenepo. Okana amati chuma cha dziko lonse si chikwangwani.

Zomwe sizinathebe

Funso loyamba ndi la mkati. M'zaka zake zomaliza Utzon ndi mwana wake anajambula mmene holo ya opera ingamangidwirenso, kutsitsa pansi pake kuti dzenje la oimba likule, koma ndalama zake ndi zochuluka ndipo boma silinaziperekebe. Nanga atazipeza, agumule ntchito ya Hall yomwe nayo tsopano yapitirira zaka 50 ndipo ili m'gulu la zotetezedwa? Nyumba yeniyeni ndi iti, yomwe inali m'mutu mwa Utzon kapena yomwe inamangidwa?

Lina ndi la Cahill. Akanadikira kuti mapulani athe, mwina bwenzi zipilala zisanagumulidwe, mtengo weniweni utadziwika, Utzon asanathamangitsidwe ndi ngongole. Koma mtengo weniweniwo ukanadziwika mu 1958, kodi aphungu akanavomera? Ophunzira za kayendetsedwe ka mapolojekiti aakulu amagawikana apa, ndipo ena amawerengera ngati chotayika china nyumba zomwe Utzon akanajambula mbiri yake ikanapanda kuipa, pajatu pambuyo pake zazikulu zomwe anamanga ndi zowerengeka, tchalitchi cha Bagsværd kwawo ndi nyumba ya malamulo ya ku Kuwait.

Palinso la dengalo, woyenera kunena zowalitsidwa pamenepo ndani, oyang'anira nyumba, nduna, kapena anthu, ndipo tsoka kapena chikondwerero cha dziko liti chiyenera kuonekapo, liti ayi. Palinso loti anthu oposa 8 miliyoni amafika pamalopo pachaka koma ogula tikiti n'kulowa kukaonera sakwana 2 miliyoni, nde ena amafunsa ngati ndalama zambiri zizipita mkati kapena panja pomwe pali anthu ambiriwo. Ndipo konkire ndi zitsulo zija zakhala m'mphepo ya mchere kuyambira m'ma 1960, madzi mbali zitatu, nyanja nayo ikukwera pang'onopang'ono. Zingwe zogwira nthiti zija zili mkati mwa konkire momwe diso silifika, nde mainjiniya akufufuzabe njira zoziyezera popanda kuswa denga, komanso kuti tsiku lomwe matailosi ambiri adzafune kusinthidwa nthawi imodzi, adzachita bwanji nyumbayo ili yotsegula.